Sitolo ya ku Kabwata imene imalemba mwini wa botolo lililonse la mafuta a tsitsi

Ku Kabwata mu Lusaka, chapafupi ndi msika, kuli sitolo yaing'ono yogulitsa mafuta, shampu ndi zipeso za tsitsi lachilengedwe, ndipo kumbuyo kwake kuli mipando iwiri imene atsikana amatsukirapo ndi kulukirapo makasitomala. Mwini wake ndi mayi wochokera ku Katete amene anagwira ntchito m'masaluni a m'tauni zaka zambiri asanatsegule malo akeake. Dzina la sitoloyi sindilitchula, chifukwa m'munsimu ndikambanso zolakwa zake ndipo sindikufuna kuti mawu anga agwetse bizinesi ya munthu amene akudyetsa banja ndi manja ake, koma amayi a ku Kabwata, ku Libala ndi ku Chilenje aizindikira msanga. Mafuta ambiri amene ali mmenemo amapezekanso ku Manda Hill, ku East Park ndi ku Kamwala. Chimene sindinachionepo kwina kulikonse mu Lusaka ndi timapepala tomatidwa pa shelefu pansi pa mabotolo, pamene mwini sitolo analemba ndi dzanja dzina la kampani kumene ndalama ya botololo imakathera, pamodzi ndi dziko kumene kampaniyo ili.

Pansi pa mafuta a Dark and Lovely palembedwa L'Oréal, France. Pansi pa Cantu palembedwa PDC Brands, America. Pansi pa kabotolo ka Mielle, kamene atsikana ambiri amabwera akukafuna chifukwa anakaona pa TikTok, palembedwa kuti kampaniyo anaiyambitsa ndi Monique Rodriguez, mayi wakuda wa ku America, mu 2014, ndipo kuyambira mu Januwale 2023 ili m'manja mwa Procter & Gamble. Tsiku lina ndikudikira kulipira, mtsikana wina wa ku yunivesite ananyamula chigubu cha SheaMoisture, n'kuwerenga kapepala ka pansi pake kamene kanali ndi dzina la Unilever, ndipo nkhope yake inagwa. Anafunsa kuti, "Amayi, kodi awa si mafuta a anthu akuda?" Mwini sitolo, amene anali kuwerenga chenji, anayankha kuti, "Anayambitsa ndi anthu akuda, mwanawe, koma anagulitsa. Werenga bwino, kenaka usankhe wekha." Sanamunyengerere kuti agule ndipo sanamuletse. Mtsikanayo anaima nthawi yaitali, pomaliza anatenga kachigubu kakang'ono ka mafuta omwewo n'kuwonjezerapo botolo la mafuta a mungongo.

Timapepalati tinayamba chifukwa cha zimene zinachitika ku South Africa mu Seputembala 2020, nkhani imene ambiri a ife tinaitsatira pa mafoni m'nyengo ya Covid-19. Pa tsamba la pa intaneti la Clicks, masitolo a mankhwala ndi zodzoladzola a kumeneko, panatuluka zithunzi zotsatsa shampu ya TRESemmé. Pa zithunzi za tsitsi la amayi akuda analembapo kuti ndi tsitsi louma, lowonongeka, lonyankhalala ndi losawala, pamene chithunzi cha tsitsi la mzungu anachitcha tsitsi labwinobwino. M'dziko limene pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho akuluakulu a boma ankatsomeka pensulo m'tsitsi la munthu pofuna kudziwa mtundu wake, ndiponso limene mu Ogasiti 2016 ana a sukulu ya Pretoria High School for Girls anachita zionetsero chifukwa chouzidwa kuti awongole tsitsi lawo, zithunzi zotere sizikanangodutsa. Chipani cha EFF cha Julius Malema chinauza otsatira ake kuti akatseke masitolo a Clicks kuyambira Lolemba pa 7 Seputembala, ndipo masitolo ambiri anatsekedwadi, ena n'kuswedwa. Zozibini Tunzi, amene anapambana mpikisano wa Miss Universe mu 2019 ali ndi tsitsi lake lalifupi lachilengedwe, anadzudzula zithunzizo poyera. Mkulu wa Clicks pa nthawiyo, Vikesh Ramsunder, anapepesa, kampaniyo inachotsa TRESemmé m'mashelefu ake, ndipo Shoprite, Pick n Pay ndi Woolworths a kumeneko anachitanso chimodzimodzi. Unilever, mwini wa TRESemmé, inavomera kuchotsa katunduyo m'masitolo onse a m'dzikomo kwa masiku 10. Nduna yoona za mabizinesi ang'onoang'ono, Khumbudzo Ntshavheni, inapempha kuti malo amene atsala pa shelefu apatsidwe kwa anthu a m'dzikomo opanga mafuta a tsitsi.

Kuno ku Zambia kulibe masitolo a Clicks, koma zithunzizo zinazungulira m'magulu athu a WhatsApp, a kutchalitchi ndi a chilimba omwe, ndipo mwini sitolo wa ku Kabwata anatsitsa mabotolo a TRESemmé amene anali nawo. Mpaka lero sanaodenso. Pamalo pake anadzazapo SheaMoisture, ali ndi mtima woti ndalama ya makasitomala ake ikupita kwa anthu akuda anzathu, kufikira tsiku limene kasitomala wina wogwira ntchito kubanki anamuuza kuti makampani awiriwa mwini wake ndi mmodzi. Iye amati zinamukhala ngati wakana kugayitsa chimanga pa khomo lakumaso n'kukapereka thumba lomwelo pa khomo lakumbuyo la chigayo chomwecho. Sanachotse SheaMoisture, chifukwa amayi ena tsitsi lawo linali litazolowera kale mafutawo, koma anaganiza zoti asagulitsenso botolo lililonse wogula asakudziwa mwini wake.

Mbiri ya SheaMoisture ndi imene imapweteka kwambiri amayi amene amaidziwa, chifukwa chiyambi chake n'chathu ndithu. Richelieu Dennis, wobadwira ku Liberia, anayambitsa kampani ya Sundial Brands ku New York mu 1991 pamodzi ndi mayi ake Mary Dennis komanso mnzake Nyema Tubman, akugulitsa sopo ndi mafuta m'misewu ya ku Harlem. Kampaniyo imanena kuti luso lake linachokera kwa agogo ake a Richelieu, Sofi Tucker, amene ankagulitsa mafuta a shea ku Sierra Leone kuyambira mu 1912. Amene anaikweza anali amayi akuda a ku America osiya kuwongola tsitsi ndi mankhwala, amene ankauzana okhaokha pa intaneti mafuta oyenera kugula pa nthawi imene makampani akuluakulu sankawawerengera. Mu 2015 kampani ya Bain Capital inagulamo masheya. Mu Epulo 2017 SheaMoisture inatulutsa kanema wolimbikitsa amayi kuti asiye kudana ndi tsitsi lawo, koma mwa amayi olankhula m'kanemayo wakuda anali mmodzi yekha, woyererako, wa tsitsi lalitali lopotana mofewa, ndipo otsalawo anali azungu. Mayi wa tsitsi lolimba lopotana kwambiri, amene ndalama yake inamanga kampaniyo ndipo ndi amene amanyozedwadi kusukulu ndi kuntchito chifukwa cha tsitsi, sanapatsidwe mpata wolankhula. Amayi analengeza zonyanyala kugula, kampani inachotsa kanemayo n'kupepesa, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Unilever inalengeza kuti yagula Sundial Brands.

Pa nkhani ziwiri zonsezi anthu anafunsa funso limodzi, loti chithunzi chisanatuluke anachiona ndani, ndipo kodi mwa onse amene anachionawo munalibe ndi mmodzi yemwe wa tsitsi ngati lathu woti akane. Funsoli n'loyenera, koma yankho lake silophweka monga mmene timalikambira m'saluni. SheaMoisture inalakwitsa mwini wake ali munthu wakuda. Clicks inali kale ndi anthu akuda m'bodi yake, monga Nonkululeko Gobodo, mayi wakuda woyamba ku South Africa kukhala akauntanti wovomerezeka wa digiri yapamwamba, amene anatula pansi udindo wake m'bodiyo mwezi womwewo wa Seputembala. Munthu wa m'bodi amakumana ndi anzake kangapo pa chaka kukambirana za ndalama ndi malamulo a kampani, ndipo zithunzi za shampu sizifika patebulo lake. Zithunzi amasankha ndi anthu a m'maofesi otsatsa malonda, ndipo kumeneko n'kumene kumafunika mayi wakuda wokhala ndi mphamvu yoletsa chithunzi popanda kuopa kuti mawa ntchito imuthera. Zina zinasinthadi pambuyo pake. Sundial Brands inadzatsogozedwa ndi mayi wakuda, Cara Sabin, ndipo mu Januwale 2022 Bertina Engelbrecht anakhala mkulu wa Clicks, manyuzipepala a kumeneko n'kumutcha mayi wakuda woyamba kutsogolera kampani yaikulu ya masitolo yolembetsedwa pa msika wa masheya wa Johannesburg. Ine ndimakhulupirira kuti kunyanyala kunathandiza, chifukwa makampaniwa anaphunzira kuti kunyoza tsitsi la munthu wakuda kumatsekesa masitolo. Koma masiku 10 ndi ochepa kwa kampani yogulitsa sopo, mafuta ndi zakudya padziko lonse, ndipo mayi wa mu Lusaka akasiya botolo limodzi n'kunyamula lina la mwini yemweyo, ku London kumene kuli likulu la Unilever sadziwa n'komwe kuti wina wakwiya. Ubwino wa timapepala ta ku Kabwata ndi wakuti amene akufuna kunyanyala amadziwa chimene akunyanyala, ndipo amene sakufuna amagula maso ali poyera.

Kunyanyala kumafuna kuti pakhale china chogula, ndipo apa mpamene sitoloyi yachita khama lalikulu. Shelefu yonse ya kumanja yadzaza ndi mafuta opangidwa m'dziko muno. Pali mafuta a mungongo ochokera ku Western Province, amene ndi opepuka ndipo salemeretsa tsitsi. Pali mafuta a njere za malambe, ndi mafuta a nsatsi amene agogo athu kummawa ankakazinga ndi kusinja okha. Palinso mafuta olimba osakaniza ndi phula la njuchi la ku North-Western Province, abwino popaka m'mizere mwana akalukidwa mukule. Ambiri mwa mafutawa amapanga ndi amayi a mu Lusaka momwemo, ena m'khitchini zawo, ndipo pa kapepala ka pansi pake mwini sitolo amalemba dera limene wopangayo amakhala. Mafuta a mungongo ndi amene ndimawayamikira kwambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo youma ya mu Lusaka imathyola tsitsi, ndimawapaka pa tsitsi lonyowa pang'ono ndisanagone, ndipo m'mawa chipeso chimadutsa popanda kuzula. Mafuta a nsatsi ndi olemera ndipo ali ndi fungo lautsi limene si aliyense angalikonde, choncho ndi bwino kuwasakaniza ndi a mungongo n'kuwapaka pa khungu la kumutu lokha.

Shelefu yomweyi ndi imenenso ili ndi cholakwa chachikulu cha sitoloyi. Mabotolo ambiri a kuno alibe mndandanda wa zimene zasakanizidwamo, alibe tsiku lopangidwa, ndipo alibe tsiku limene mafutawo adzaonongeke. Ena ali ndi dzina lokongola ndi nambala ya foni basi. Ndinagulapo botolo la mafuta a malambe limene nditalitsegula kunyumba linali ndi fungo lakuwawa la mafuta okhalitsa. Mwini sitolo anandisinthira popanda kukangana, koma nditabweranso ndinapeza mabotolo anzake a gulu lomwelo adakali pamalo pawo. Zimenezi sizoyenera, makamaka m'sitolo imene yadziwika ndi kunena zoona pa za mabotolo akunja. Mayi amene mwana wake amatuluka ziwengo akapakidwa mafuta a mtedza ayenera kudziwa zimene zili m'botolo, kaya botololo lachokera ku Paris kaya ku Matero. Tili ndi Zambia Bureau of Standards imene imayesa katundu, tilinso ndi Competition and Consumer Protection Commission imene lamulo la mu 2010 linaipatsa udindo woteteza ogula, ndipo mwini sitolo ali ndi mphamvu youza amayi omubweretsera mafuta kuti botolo lopanda chizindikiro chokwanira salilandira. Akatero adzawathandiza iwo omwe, chifukwa masitolo akuluakulu a m'mamolo sangalandire katundu wopanda zolembedwa zimenezi.

Ntchito ya kumipando ndi yabwino koposa m'masaluni ambiri amene ndimawadziwa. Mwana wanga wamkazi ali ndi tsitsi lambiri lolimba, ndipo kale tsiku lopita kusaluni linali tsiku la misozi. Pano mtsikana womutsuka amayamba wagawa tsitsi m'zigawo n'kuzimanga, kenaka amanyowetsa chigawo chimodzi, kupakapo kondishina, n'kumasula mfundo ndi zala kuyambira kunsonga kutsikira kumizu, chipeso cha mano otalikirana chikubwera pambuyo. Poluka mukule amasiya timatsitsi ta m'mphepete mwa chipumi osatikoka, ndipo akafika kumapeto kwa mzere amafunsa mwanayo kuti, "Zikuwawa, mama?" Mwana akagwedeza mutu kuvomera, amamasula mzerewo n'kuyambiranso osadandaula. Amayi ambiri a msinkhu wanga chipumi chinatha chifukwa cha kulukidwa mothina kuyambira ubwana, choncho ndimaona kusamala kumeneku kukhala kwamtengo wapatali kuposa botolo lililonse la m'sitolomo.

Mankhwala owongolera tsitsi sagulitsidwa muno ndipo atsikana sapaka. Mwini sitolo akafunsidwa amatchula kafukufuku wa bungwe la National Institutes of Health la ku America wa mu 2022, amene anatsatira amayi oposa 33,000 n'kupeza kuti amene ankagwiritsa ntchito mankhwalawa pafupipafupi anali pa chiopsezo cha khansa ya chiberekero choposa kawiri cha amene sankawagwiritsa ntchito. Chimene ndimachikonda n'chakuti mayi wobwera ndi tsitsi lowongola kapena atavala wigi salandiridwa ndi diso loweruza, ndipo amamusankhira shampu yoyenera tsitsi lake monga wina aliyense.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandivuta mumtima nthawi iliyonse ndikakhala pabenchi yodikirira. Pakhoma loyang'anizana ndi mipando pamatidwa zithunzi zikuluzikulu zimene makampani oodetsa katundu amapereka ulere, ndipo amayi onse a pa zithunzizo ndi oyererako, a tsitsi lalitali lopotana mofewa logwera pamapewa. Mwana wanga ali mkati molukidwa analoza chithunzi chimodzi n'kundifunsa kuti tsitsi lake lidzakhala choncho liti akamapaka mafutawa. Ndinamuuza kuti tsitsi lake ndi la mtundu wina ndipo ndi lokongola mmene lilili, koma maso ake anabwereranso pakhomapo. Cholakwa chimene amayi a ku America ananyanyalira SheaMoisture mu 2017 n'chomwechi, ndipo chapachikidwa pamalo pamene ana athu amayang'ana kwa maola awiri mutu utagwiridwa. Nditamuuza mwini sitolo anavomera kuti ndi zoona, n'kunena kuti kusindikiza zithunzi zazikulu kumadya ndalama pamene izi amalandira ulere. Ndikumvetsa, koma makasitomala ake ambiri ali ndi tsitsi lokongola limene manja a atsikana ake aliluka, ndipo ena angalole ndi mtima wonse kujambulidwa. Zithunzi zazing'ono zosindikizidwa m'tauni zingakwane, ndipo ngakhale khoma lopanda kanthu lingakhale bwino kuposa zimene zilipozi.

Mitengo ya katundu wakunja ndi yokwera kuposa ku Kamwala, ndipo imasintha kwacha ikagwa, chifukwa zambiri amaoda ku Johannesburg n'kuzilandira pa mabasi ofikira ku Intercity. Chigubu chimodzi cha SheaMoisture chingakugulireni mabotolo angapo a mafuta a mungongo. Komabe sindinakumanepo ndi katundu wa gong'a m'sitoloyi, ndipo mwini wake amasunga malisiti a kumene waoda n'kuonetsa aliyense wokayika. Amadziwanso kusiyanitsa chenicheni ndi chonyenga poyang'ana chivundikiro, kalembedwe ka pa chizindikiro ndi kanunkhidwe, ndipo amaphunzitsa ngakhale munthu wobwera ndi botolo logula kwina. Mafuta a kuno mitengo yake ndi yoti mayi wa malipiro apakati angakwanitse mwezi ndi mwezi. Kulipira ndi pa foni kapena ndalama yapamanja, makina a khadi kulibe.

Kusunga nthawi ndi vuto lina. Atsikana ndi awiri okha, ndipo chifukwa choti sathamangira mutu wa munthu, amene wapangana nawo nthawi ya 10 koloko Loweruka akhoza kukhala pampando dzuwa litapendeka. Magetsi akazima palibe jenereta, choncho wofuna kuumitsa tsitsi ndi dulaya ayambe waimba foni asananyamuke kunyumba. Masiku abwino ndi Lachiwiri ndi Lachitatu m'mawa, pamene mwini sitolo amakhala ndi mpata wogwira tsitsi lanu ndi dzanja n'kukuuzani chimene likusowa musanatulutse ndalama. Amene ali ndi mwana woopa chipeso apemphe kuti amugwire ndi mtsikana wamkulu mwa awiriwo, ndipo pogula mafuta a pa shelefu ya kumanja atsegule botolo n'kununkhiza ali m'sitolo momwemo, afunsenso mwezi umene linafika.